Mapepala a mmisiri wa ma AC ndi makina otenthetsa nyumba: mmene mungawapezere osataya zaka

Pakamwa pandiuma ndi kuyankha funso limodzimodzi. Wina wangomaliza kosi ya miyezi ingapo, wina watha zaka zitatu akunyamulira bwana wake makwerero ndi masilinda, wina akufuna kukagwira ntchito kudziko lina, koma mafunsidwe ndi amodzi: "Akulu, laisensi ya ma AC imatengedwa bwanji?" Ndaganiza zolemba kamodzi, kuti wobwera mawa ndidzangomulozera pano.

Funsolo palokha lili ndi vuto. Pepala limodzi lotchedwa laisensi ya ma AC, makina oziziritsa mpweya m'nyumba, kulibe. Kumene ntchitoyi ili ndi malamulo okhwima, mapepala amakhala angapo, amachokera ku maofesi osiyana, ndipo lililonse limakutsegulirani khomo limodzi lokha. Ndipo chimene chimagwetsa anthu ambiri si mayeso ayi. Ndi kulephera kupereka umboni wa zaka zimene anagwiradi ntchito. Pa mfundo imeneyo ndichedwapo kwambiri, koma tiyambe kaye ndi zoyambirira.

1. Dziwani kuti mukufuna pepala liti

Setifiketi ya kusukulu imanena kuti munaphunzira, basi. Ndi yofunika, ndipo malo ena imachepetsako zaka zimene angakufunseni, koma payokha sikupatsani chilolezo cha boma.

Pepala lachiwiri ndi chiphaso chogwirira gasi wa m'makina oziziritsa. Ichi chimakulolani kutsegula mapaipi a AC kapena firiji, kupopa gasi, kuthira wina, ndiponso kumugula kumene.

Lachitatu ndi laisensi ya umisiri, yosonyeza kuti mungagwire ntchito popanda wina kukuyang'anirani. Lachinayi ndi la kontrakita, ndiye kuti munthu kapena kampani imene imapangana ndi kasitomala, kulandira ndalama, ndi kuyankha mlandu zinthu zikalakwika. Mmisiri wabwino akhoza kukhala wopanda laisensi ya ukontrakita moyo wake wonse, bola ngati walembedwa ntchito ndi kampani imene ili nayo.

Pali msampha wina wa m'kalankhulidwe kathu. Timati "gasi" ponena zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Pali gasi woziziritsa, amene amazungulira m'mapaipi a kopa, monga R-22, R-410A, R-32 kapena R-134a. Palinso gasi woyatsa, amene amayaka mu boiler kapena mu furnace kuti nyumba ifunde. Lamulo silimawasakaniza. Chiphaso cha woyambayo sichikupatsani mphamvu iliyonse pa wachiwiriyo. Mukamva wina akuti "ndili ndi pepala la gasi", mufunseni kuti gasi wake uti.

2. Fufuzani amene amalamulira kumene mukagwire ntchito

Musayambe mwalipira sukulu. Yambani mwadziwa ofesi imene imapereka laisensi m'dera limene mudzagwire ntchito, ndipo muwerenge zimene iyo yalemba. Zimene wotsatsa kosi angakuuzeni zibwere pambuyo, chifukwa iye ali pa malonda.

Dziko la United States ndi chitsanzo chabwino cha mmene zinthu zimapiringizikira. Chiphaso cha gasi woziziritsa ndi cha dziko lonse, chimayendetsedwa ndi bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA. Koma laisensi ya ntchito ili m'manja mwa chigawo chilichonse. Ku California, kontrakita wa zotenthetsa ndi zoziziritsa nyumba amatenga laisensi ya C-20, pamene wa mafiriji akuluakulu amatenga ya C-38. Ku Texas, ofesi ya TDLR imapereka Class A, yolola makina a kukula kulikonse, ndi Class B, imene imalekezera pa matani 25 a kuziziritsa ndi ma BTU 1.5 miliyoni pa ola a kutenthetsa (BTU ndi muyezo wa kutentha). Ku New York laisensi ya chigawo chonse kulibe, ndipo nkhaniyi amaisiyira mizinda ndi maboma ang'onoang'ono. Munthu akamva zimenezi amaganiza kuti kumeneko ndi kwa ufulu. Ayi ndithu. Zimangotanthauza kuti mufunse khonsolo iliyonse payokha, ndipo mzinda woyandikana nawo ukhoza kukhala ndi zofuna zina.

Mawu akuti "tani" asakusokonezeni. Sakunena kulemera kwa makina. Tani imodzi ya kuziziritsa ndi ma BTU 12,000 pa ola, pafupifupi 3.5 kW. Dzinali linachokera nthawi imene anthu ankaziziritsa zinthu ndi madzi oundana: ndi kutentha kofunika kuti tani imodzi ya ayezi isungunuke pa maola 24.

Ku Canada zigawo ndi zimene zimapereka mapepala, koma pali chidindo cha Red Seal chimene chimathandiza kuti umisiri wanu uzindikiridwe m'zigawo zina. Ku Australia, bungwe la Australian Refrigeration Council limapereka Refrigerant Handling Licence kwa munthu ndi Refrigerant Trading Authorisation kwa bizinesi yogula kapena kugulitsa gasi. Ku South Africa, ogwira ntchito za gasi amalembetsa ku SAQCC Gas. Mayina ndi osiyana, koma mafunso oti mufunse ofesi iliyonse ndi omwewa: ndi ntchito iti imene ndingagwire popanda pepala, mukufuna zaka zingati, pansi pa munthu wotani, ndipo umboni wake mumaulandira wolembedwa motani? Funso lomalizali mulifunse lero, ngakhale mutatsala ndi zaka zinayi kuti mulembe kalata yopempha laisensi.

3. Tengani chiphaso cha gasi woziziritsa msanga

Ili ndi pepala losavuta kupeza mwa onse, ndipo ndi limene mabwana ambiri amafunsa poyamba.

Chifukwa chake chiphasochi chilipo n'chofunika kuchidziwa, popeza chimabwera pa mayeso. Magasi akale monga R-12 ndi R-22 ali ndi chlorine, amene akakwera kumwamba amawononga mpweya wa ozoni umene umatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa. Mu 1987 mayiko anasaina pangano la Montreal Protocol kuti magasi oterewa athetsedwe pang'onopang'ono. Amene anabwera m'malo mwake, a mtundu wa HFC, sawononga ozoni koma amatenthetsa dziko kwambiri. Kilogalamu imodzi ya R-410A ikathawira mumlengalenga imafanana ndi makilogalamu pafupifupi 2,088 a carbon dioxide, ndipo ya R-134a ndi pafupifupi 1,430. N'chifukwa chake mu 2016 mayiko anakumana ku Kigali n'kuwonjezera m'panganolo zoti ma HFC nawonso achepetsedwe. Malamulo onse onena za kupopa gasi ndi kusamutayira kunja anachokera pamenepa.

Ku United States chiphasochi chimadziwika kuti Section 608, kuchokera ku ndime ya lamulo la Clean Air Act. Type I ndi ya makina ang'onoang'ono otsekedwa kufakitale okhala ndi gasi wosapitirira mapaundi 5, monga firiji ya m'nyumba ndi AC ya pawindo. Type II ndi ya makina a presha yaikulu, ndipo ma AC ambiri a m'nyumba ndi m'masitolo ali m'gulu limeneli. Type III ndi ya makina a presha yotsika, makamaka ma chiller, makina oziziritsa madzi amene amaziziritsa nyumba zikuluzikulu. Wokhoza zonse zitatu amapatsidwa Universal. Aliyense amayamba ndi gawo lotchedwa Core, ndipo gawo lililonse lili ndi mafunso 25, ndipo pa mayeso oyang'aniridwa okhoza amafunika kupeza 18.

Malangizo anga ndi oti mulembe Universal kamodzin'kamodzi. Ambiri amathamangira Type I chifukwa imaloledwa kulembedwa buku lili potsegula, kenako amadzapeza kuti siwalola kukhudza AC wamba ya split, ija yokhala ndi mbali ina m'nyumba ndi ina panja, komanso kuti Core yolembedwa mwanjira imeneyo siwerengedwa pofuna Universal, ndiye ayenera kuibwereza pamaso pa woyang'anira mayeso. Ma AC a m'galimoto ali ndi chiphaso chawo, Section 609.

Ku Britain ndi m'mayiko a European Union amati F-gas. Ku Britain muli magulu anayi: Category I imalola ntchito yonse pa makina a kukula kulikonse, Category II imalekezera pa makina a gasi wosakwana makilogalamu 3, kapena 6 ngati ndi otsekedwa kufakitale, Category III ndi yopopa gasi m'makina ang'onoang'ono okha, ndipo Category IV ndi yofufuza ngati gasi akuthawa popanda kutsegula mapaipi. Kumeneko sangokufunsani zolemba. Amakuikani patsogolo pa makina kuti akuoneni mukugwira.

Kaya mayeso ake ndi olemba kapena amanja, pali zinthu zimene woyesa sakhululuka. Silinda yopoperamo gasi sidzazidwa kupitirira 80 peresenti, chifukwa gasi wamadzimadzi amafufuma kukatentha ndipo silinda yodzaza thothotho ikhoza kuphulika. Magasi osiyana sasakanizidwa mu silinda imodzi. Poyesa ngati mapaipi akudontha mumagwiritsa ntchito nitrogen wouma wodutsa pa regulator. Oxygen musayerekeze n'komwe, chifukwa akakumana ndi mafuta a kompuresa amaphulika. Powotcherera kopa, nitrogen azidutsa pang'onopang'ono mkati mwa paipi kuti musachite mwaye umene umadzatseka fyuluta ndi valavu. Ndipo vacuum, ndiye kuti kuyamwa mpweya ndi chinyezi m'mapaipi ndi pampu, amaiyeza ndi micron gauge mpaka itsike kufika ma micron 500, kenako n'kuona ngati ikukhazikika. Zoti "pampu yalira mphindi makumi awiri, basi zakwana" ndi za m'misewu.

4. Sungani umboni wa maola anu kuyambira tsiku loyamba

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangolemba mzere umodzi, akuti "pezani luso la zaka zinayi", n'kudutsa. Koma zaka zinayi zimene inu mukuzidziwa mumtima ndi zaka zinayi zimene ofesi ingavomere ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Taonani mmene malamulo amalembedwera. Texas imafuna miyezi 48 ya ntchito yamanja pansi pa kontrakita wa laisensi, ndipo miyeziyo ikhale mkati mwa miyezi 72 yapitayi. California imafuna zaka 4 mkati mwa zaka 10 zapitazi, ndipo zikhale za pa mlingo wa journeyman, ndiye kuti mmisiri wokhwima amene amatha kugwira ntchito yonse popanda kuuzidwa chochita. Nthawi imene munali wothandizira chabe siwerengedwa. Maphunziro akhoza kulowa m'malo mwa zaka zina, mpaka zitatu, koma chaka chimodzi chiyenera kukhala cha ntchito yeniyeni. Maphunziro a apprenticeship, amene munthu amaphunzira akugwira ntchito ndi kulipidwa, kawirikawiri amatenga zaka 4 kapena 5, ndi maola pafupifupi 2,000 a pantchito ndi 144 a m'kalasi chaka chilichonse.

M'malamulo amenewa muli minga itatu. Woyamba ndi wakuti zaka zimakalamba. Mukasiya ntchitoyi kwa nthawi n'kukachita zina, zaka zoyambirira zimagwera kunja kwa malire. Wachiwiri ndi wakuti si bwana aliyense amene maola ake amawerengedwa. Wachitatu ndi wakuti si ntchito iliyonse imene imawerengedwa.

Ine ndinalasidwa ndi munga wachiwiri. Ndinagwira ntchito pafupifupi zaka ziwiri kwa munthu wina waluso kwambiri, amene anandiphunzitsa kumva vuto la kompuresa ndi khutu lokha. Malipiro ankandipatsa pamanja kumapeto kwa sabata, ndipo ine ndinkakondwa chifukwa panalibe zodula. Nditapita kukafunsa za mapepala, ndinapeza kuti laisensi yawo inali itatha kale ndisanayambe n'komwe, ndipo panalibe kapepala ngakhale kamodzi kosonyeza kuti ndinalembedwapo ntchito. Luso ndinatuluka nalo, koma pamaso pa ofesi zaka ziwirizo zinali ngati ndinangokhala pakhomo.

Ndiye chitani izi. Musanavomere ntchito, funsani nambala ya laisensi ya amene adzakuyang'anireni. Maofesi ambiri ali ndi kaundula pa intaneti momwe aliyense angaone ngati laisensi ili yamoyo, ya gulu liti, ndiponso ya dzina la ndani. Onetsetsani kuti ndi ya munthu kapena kampani imene ikukulipiraniyo. Muzibwereranso kukaona kamodzi pachaka. Kufunsa zimenezi kumachititsa manyazi, ndikudziwa, makamaka pamene ndinu wamng'ono ndipo ntchito mukuifunitsitsa. Funsani mwaulemu, munene kuti mukukonzekera zodzalemba mayeso mtsogolo. Bwana wolongosoka amakondwera nazo. Amene wakwiya ndi funsolo wakuyankhani kale.

Ngati dera lanu limafuna kuti wophunzira ntchito alembetse, lembetsani musanagwire sipanala. Ku Texas, mwachitsanzo, wogwira ntchito yokonza makina pansi pa kontrakita amalembetsa ngati registered technician. Malo ena maola amayamba kuwerengedwa pa tsiku limene munalembetsa, ndiye miyezi ya m'mbuyo imangopita.

Kenako gulani buku lachikuto cholimba. Tsiku lililonse mulembemo deti, malo a ntchito, mtundu wa makina ndi mphamvu yake, gasi wake, kuchuluka kwa amene munapopa ndi amene munathira, chimene inuyo munachita ndi manja anu, maola, ndi dzina la amene anakuyang'anirani. Kulemba kuti "ndinathandiza kuika AC" n'kutaya inki. Lembani kuti munayala mapaipi mamita angati, munawotcherera mfundo zingati, munayesa presha ndi nitrogen kufika pati, vacuum inatsika kufika ma micron angati, superheat (kutentha kwa gasi kupitirira pamene amawira) inali bwanji mutamaliza. Wowerenga kuofesi amafuna kuona ngati munali mmisiri kapena wonyamula zida, ndipo mawu anu ndi amene adzamuuze.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, bwana asaine tsambalo n'kulembapo nambala ya laisensi yake. Mwezi uliwonse, ndabwereza. Mukadikira zaka zinayi mudzapeza kuti kampani inatsekedwa, bwana anasamuka kapena anatisiya, kapena munasiyana mutayambana. Palinso china chimene anthu sakonda kuchinena poyera: tsiku limene mukupempha siginecha ya zaka zinayi, bwana amadziwa kuti akusainira munthu amene mawa adzalimbirana naye makasitomala. Ena amazengereza dala. Siginecha ya mwezi umodzi ilibe kulemera koteroko, amangosaina ali chiimire. Mukamaliza, jambulani tsambalo ndi foni n'kulisunga pa malo ena, chifukwa mabuku a m'galimoto ya ntchito amanyowa, amadya mafuta, amasowa.

Sungani mapepala a malipiro, kalata yolembedwera ntchito ndi zikalata za msonkho. Ofesi ikakayikira, izi ndi zimene zimatsimikiza kuti buku lanu silinalembedwe usiku umodzi. Malipiro apamanja amakoma lero, koma sasiya phazi.

Munga wachitatu uja ndi wobisika kwambiri. Kampani zambiri zimaika wophunzira pa ntchito imodzi imene imawabweretsera ndalama msanga, monga kupachika ma split tsiku ndi tsiku kapena kutsuka mafyuluta. Mukhoza kukwanitsa maola onse koma osakhudzapo furnace, ma duct (mipope yodutsa mpweya), mawaya a control kapena kufufuza vuto la makina akufa. Mafomu ena amagawa maola m'magulu a ntchito, ndipo ngakhale kumene sagawa, mayeso adzakufunsani zonse. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, tsegulani buku lanu muone chimene chikusowa, mupemphe kuti akutumizeni ndi gulu lina. Akakana kwa chaka chathunthu, ganizirani zosintha kampani.

Pochoka pa ntchito, fomu ya ofesi yotsimikizira luso isainidwe musanabweze makiyi ndi yunifolomu. Ndipo musapemphe munthu kuti akuwonjezereni miyezi imene simunagwire. Wosainayo amaika laisensi yake pachiswe, ndipo inu mukagwidwa pempho lanu limakanidwa, mwinanso laisensi kulandidwa patapita zaka mutaipeza.

5. Mbali ya moto ndi mbali ya magetsi

Amene anazolowera zoziziritsa amaiona mopepuka mbali yotenthetsa. Koma AC yoikidwa molakwika kawirikawiri imangowononga ndalama, pamene boiler yoikidwa molakwika imapha anthu ali m'tulo. Gasi akapanda kuyaka bwino amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu, umene umalanda malo a oxygen m'magazi. Chumuni chotsekeka, heat exchanger (chitsulo cholekanitsa utsi ndi mpweya kapena madzi otenthetsedwa) yong'aluka, kapena chipinda chopanda polowera mpweya wokwanira, chilichonse mwa izi n'chokwanira.

N'chifukwa chake malamulo a mbali imeneyi ndi olimba. Ku Britain ndi mlandu kugwira ntchito ya gasi woyatsa osalembetsa ku Gas Safe Register, imene inalowa m'malo mwa CORGI mu 2009. Kuseri kwa khadi ya mmisiri kumalembedwa mitundu ya zipangizo zimene analoledwa, ndiye wololedwa pa chitofu chophikira sangangopita pa boiler. Ku Ontario, m'dziko la Canada, amisiri a gasi amakwera kuchoka pa G3 kupita pa G2 mpaka G1 pansi pa bungwe la TSSA, ndipo mapepalawa ndi osiyana ndi a umisiri wa zoziziritsa.

Pa magetsi, funsani kuti malire anu ali pati. Malo ambiri mmisiri wa AC amaloledwa kugwira kuyambira pa swichi yodulira magetsi ya pafupi ndi makina kupita ku makinawo, koma kukoka waya watsopano kuchokera ku bokosi lalikulu la magetsi ndi ntchito ya wa laisensi ya zamagetsi. Zoti mumatha kuchita sizikutanthauza kuti mwaloledwa. Nyumba ikapsa, a inshuwalansi amayamba kufunsa kuti anakoka wayayo ndani.

6. Mayeso a laisensi

Kawirikawiri amakhala mbali ziwiri, ya umisiri ndi ya malamulo ndi bizinesi. Amisiri akale amagwa pa yachiwiri chifukwa amainyoza: mapangano, msonkho, chitetezo cha antchito, inshuwalansi. Pa ya umisiri amagwa pa masamu. Phunzirani kuwerengera kukula kwa makina oyenera nyumba, kukula kwa ma duct, kwa mapaipi a gasi, mpweya wofunika kuti moto uyake bwino, superheat ndi subcooling (kuzizira kwa gasi wamadzimadzi kupitirira pamene amasanduka madzi). Ku United States kuwerengera kutentha kwa nyumba kumatsatira buku la Manual J la bungwe la ACCA. Zolowerani kusintha miyezo, pakuti bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi, ndipo funso likhoza kubwera mu muyezo umene simuugwiritsa ntchito.

Kumene amalola kulowa ndi mabuku, musaganize kuti mwapulumuka. Nthawi ndi yochepa, ndipo amene sanazolowere buku la malamulo a zomangamanga amatha mphindi khumi akufunafuna tebulo limodzi. Funsani kuti mayeso akutsatira buku la chaka chiti, popeza mabukuwa amasinthidwa, ndipo dera lanu likhoza kukhala likugwiritsabe ntchito lakale. Kumbukiraninso kuti mayeso amafuna yankho la m'buku. Mmene bwana wanu amachitira zisiyeni pakhomo.

Mudzamvanso za ziphaso monga NATE. Ndi zabwino, zimathandiza popeza ntchito, koma ndi zodzifunira. Sizilowa m'malo mwa laisensi ya boma.

7. Ngati mukufuna kudziimira panokha

Laisensi ya ukontrakita imabwera ndi katundu wake. Mudzafunika inshuwalansi yolipira mukawononga katundu wa kasitomala kapena wina akavulala, ndi ina ya antchito anu mukalemba anthu. Malo ena amafunanso bond, chikole chimene kampani ina imalonjeza kulipira kasitomala mukathawa ntchito kapena mukaphwanya malamulo, kenako n'kudzakulipiritsani inuyo. Ku California bond ya kontrakita ndi madola 25,000 kuyambira mu 2023. Bond imateteza kasitomala, inu imakusiyani pamtunda, ndiye musaiyese inshuwalansi.

Laisensi siimachotsa kufunika kwa permit, chilolezo cha ntchito imodzi pa nyumba imodzi chimene chimabweretsa woyendera kudzaona mukamaliza. Kasitomala akati tisatenge permit kuti zitchipe, mlandu wake udzakhala wanu. Ndipo pali chizolowezi chobwereka laisensi, pamene mwini wake amalandira kangachepe mwezi ndi mwezi kuti nambala yake ilembedwe pa galimoto ya wina koma kuntchito safikako. Zikaululika mumamira nonse awiri.

8. Pepala likafika, lisamaleni lisafe

Section 608 siitha. Ena ambiri amatha. Ku Texas laisensi ya kontrakita imakonzedwanso chaka ndi chaka, ndi maola 8 a maphunziro owonjezera. Ku Britain kulembetsa kwa Gas Safe ndi kwa chaka chilichonse, ndipo mayeso a luso a ACS amabwerezedwa zaka 5 zilizonse. Lembani madeti amenewa pa kalendala, ndipo mukasintha adiresi dziwitsani ofesi, chifukwa kalata yokumbutsa ikapita ku nyumba yakale palibe amene adzakumvereni chisoni.

Ngakhale chiphaso chosatha chimakalamba m'mutu. Magasi akusintha. Ku United States R-22 analeka kupangidwa ndi kulowetsedwa m'dziko mu 2020, ndipo kuyambira mu 2025 ma AC atsopano a m'nyumba akupangidwa ndi R-32 kapena R-454B m'malo mwa R-410A. Awiriwa ali m'gulu la A2L, kutanthauza kuti amayaka, ngakhale movutikira. Mafiriji ambiri a m'nyumba ali ndi R-600a, ndipo makina ena ali ndi R-290, amene ndi propane weniweni. Amenewa ndi a gulu la A3, amayaka msanga. European Union inakhwimitsanso malamulo ake a F-gas mu 2024. Amene anaphunzira pa R-22 yekha n'kuyatsa moto wowotcherera pa firiji ya R-600a asanachotse gasi yense akusewera ndi nkhope yake. Pezani maphunziro a magasi oyaka ngakhale lamulo la kwanu lisanakukakamizeni, ndipo muone ngati pampu yanu, makina opopera ndi chofufuzira gasi zili zololedwa pa magasi amenewa.

Pomaliza, za kusamuka. Laisensi siwoloka malire yokha. Zigawo zina zili ndi mgwirizano wolandirana mapepala, koma kawirikawiri zimangokuchotserani mayeso a umisiri, a malamulo mumalembabe. Mukapita dziko lina, yembekezerani kuti chiphaso cha gasi mudzachilembanso, ndipo luso lanu adzaliunika kuyambira pansi. Lemberani ofesi ya kumeneko musananyamuke, mufunse ngati zikalata ziyenera kumasuliridwa kapena kudindidwa ndi loya, chifukwa kusaka siginecha ya bwana wakale muli kutsidya kwa nyanja ndi ntchito yowawa. Buku lija la maola mulinyamule m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pasipoti, lisapite m'katundu wapansi pa ndege.